Gulugufe saphunzitsidwa tsiku limodzi

Pa tchuthi chapitachi, mvula itangokhazikika, tinapemphedwa kuperekeza ana a sukulu ina ya mkaka ya kwathu ku Area 47 pa ulendo wokaona zachilengedwe ku Lilongwe Wildlife Centre. Poti tikuphunzira zauphunzitsi, aphunzitsi a pasukulupo anatigawira ntchito yofotokozera anawo za moyo wa gulugufe. Tinakonzekera ndithu. Tinajambula tchati chokongola cha mivi inayi yozungulira: dzira, mbozi, chikwa, gulugufe. Ana anakwera minibasi akuimba, aliyense ndi kabotolo ka madzi, ndipo njira yonse funso linali limodzi lokha: mkango uli kuti?

Tili m'kanjira ka m'nkhalango, kamtsikana kena ka zaka zisanu kanaona mbozi yobiriwira ikudutsa pansi. Kanakuwa, kenako kanaiponda ndi nsapato mpaka kuitswanya. Pasanathe mphindi ziwiri, kamtsikana komweko kanali kuthamangitsa gulugufe wachikasu, kakuseka ndi kuomba m'manja. Tinaona kuti mwayi wathu wafika. Tinakaitana, tinatambasula tchati chija, n'kukauza kuti chimene kaponda chija ndi mwana wa amene kakumuthamangitsayo. Kanayang'ana tchati, kanayang'ana pansi pa nsapato yake, kanatiyang'ana ife. "Aphunzitsi, bodza," kanatero. "Mbozi ilibe mapiko."

Tinalibe choyankha. Umboni wathu wonse unali mivi yojambula ndi makala a mtundu, pomwe mwanayo anali ndi umboni wa maso ake. Ndipo tikanena chilungamo, pa awirife amene anachita zinthu ngati wasayansi tsiku limenelo anali iyeyo, chifukwa anakana kukhulupirira chinthu chodabwitsa popanda kuchiona.

Maganizo athu m'nkhani ino ndi awa: kusintha kwa mbozi kukhala gulugufe ndi limodzi mwa maphunziro abwino kwambiri amene mwana wamng'ono angayambire sayansi, koma sitingaliphunzitse ndi tchati, ndipo sitingaliphunzitse ndi ulendo wa tsiku limodzi. Limafuna masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, chigubu chakale, ndi nthambi ya mandimu. Ulendo uli ndi malo ake, koma malo akewo ndi kumapeto.

Zimene ulendo ungathe ndi zimene sungathe

Tisamvedwe molakwa. Lilongwe ili ndi mwayi umene mizinda yambiri ilibe, wokhala ndi nkhalango yeniyeni pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, mtsinje womwewo umene umadutsa kufupi ndi kwathu kuno. Lilongwe Wildlife Centre inayamba m'chaka cha 2007, ndipo ngakhale ambiri timangoitcha zoo, ntchito yake si yoonetsa nyama m'makola kuti anthu asangalale. Ndi malo olandira ndi kuchiza nyama zovulala, zamasiye, ndi zolandidwa kwa anthu ozigulitsa mozemba, monga apusi, anyani ndi ngaka, ndi cholinga choti zimene zingathe zibwerere kutchire. Mwana wa m'tauni amene anakulira pakati pa mipanda ya njerwa akalowa pansi pa mitengo ikuluikulu ija, amamva fungo la masamba owola, amamva mbalame zimene sanazimvepo. Chimenecho palibe kalasi ingamupatse.

Vuto ndi nthawi. Moyo wa gulugufe ndi nkhani ya kusintha, ndipo kusintha sikuoneka m'maola atatu. Pa ulendo mwana angaone gulugufe, mwina angaonenso mbozi, ndipo ngati wowatsogolera ali ndi diso lakuthwa angawalozere chikwa. Koma kwa mwanayo izi ndi zinthu zitatu zosiyana, monga mbuzi, nkhuku ndi mwala. Chimene chimazilumikiza ndi mawu a mphunzitsi okha. Choncho mwana wofatsa amaloweza kuti asangalatse aphunzitsi, mwana wolimba mtima amati bodza, ndipo onse awiri amabwerera kwawo osaona chimene tinapitira.

Palinso nkhani ya ndalama. Makolo ambiri a ku Area 47 angathe kusonkha ya minibasi, yolowera pageti ndi ya kamba. Nanga mwana wa ku Mgona, ku Chinsapo, ku Kawale kapena ku Area 23, amene makolo ake akulimbana ndi ya lendi ndi ya ufa? Ngati tivomereza kuti chilengedwe chimaphunziridwa pokhapokha titakwera galimoto n'kulipira pageti, ndiye kuti tavomereza kuti phunziroli ndi la ana a opeza bwino. Choipa china n'chakuti timawaphunzitsa ana onse, olemera ndi osauka omwe, kuti chilengedwe chimakhala kwinakwake kuseri kwa mpanda, ndipo zimene zimauluka pakhomo pawo si kanthu.

Mphunzitsi ali kuseri kwa nyumba

Pitani kuseri kwa nyumba zambiri za m'Lilongwe, kaya ku Sector 3 kaya ku Biwi, mudzapeza mtengo wa mandimu, malalanje kapena manachesi. Pamtengo umenewu pamabwera gulugufe wamkulu wakuda wa madontho achikasu, wokhala ndi timawanga tonga maso kumapiko akumbuyo. Akatswiri amamutcha Papilio demodocus, ndipo amapezeka pafupifupi m'mayiko onse a Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Alimi a zipatso amadana naye chifukwa mbozi zake zimatha masamba a timitengo tating'ono. Kwa mphunzitsi, iyeyu ndi buku laulere.

Wamkazi amatera pansonga ya nthambi, pamasamba anthete, n'kuwagwiragwira ndi miyendo yakutsogolo. Sakusewera: gulugufe amalawa ndi mapazi, ndipo umu ndi mmene amadziwira kuti watera pamtengo umene ana ake angadye. Akakhutira, amapinda mimba n'kusiya dzira limodzi lozungulira, lotuwira chikasu, laling'ono kuposa njere ya mapira. Samaunjika mazira pamodzi. Limodzi apa, lina pansonga ina. Pakatha masiku anayi kapena asanu dziralo limada, ndipo kambozi kamatuluka. Chakudya chake choyamba ndi chigoba cha dzira lake lomwe.

Kambozi aka n'kakuda ndi koyera, konyezimira ngati konyowa. Mukakaona patsamba mungalumbire kuti ndi chitosi cha mbalame, ndipo mbalame nazo zimaganiza chomwecho n'kukadutsa. Funsani ana a zaka zisanu chifukwa chake kachilombo kangafune kuoneka ngati chitosi, muone mmene kalasi ingatenthere. Mbozi ikamakula khungu limaithina, ndiye imafundula. Imatero kanayi, ndipo ikafundula komaliza imasanduka yobiriwira ngati tsamba lomwe ikudya, yonenepa ngati chala cha mwana. Mukaikhudza pang'ono ndi kaudzu kumsana, imatulutsa tinyanga tiwiri tofiirira kuseri kwa mutu, tokhala ndi fungo loipa la mandimu owola. Ilibe ululu, siluma, ikungoopseza.

Pakatha masabata awiri kapena atatu ikudya usana ndi usiku, imasiya kudya, n'kuyamba kuyendayenda ngati yasowa chinthu. Ikapeza kamtengo, imadzimata kumchira ndi ulusi, imadzimanga kalamba ka ulusi m'chiuno, n'kukhala duu. Mawa lake mumapeza chinthu chooneka ngati katsamba kopindika kapena kakhungwa kouma. M'kati mwa chimenecho, mbali yaikulu ya thupi la mbozi imaphwasuka, ndipo timagulu ta maselo timene tinalipo kale m'mbozimo timakula kukhala mapiko, miyendo yaitali, ndi kamlomo kopota koyamwira timadzi ta maluwa. Nyengo yotentha izi zimatenga pafupifupi masabata awiri, kukazizira zimachedwerapo. Tsiku lina m'mawa chikwa chimang'ambika. Gulugufe amatuluka ali ndi mapiko onyowa, okwinyika ngati pepala lofinya, ndipo amalendewera kwa ola kapena kupitirira akupopera madzi a m'thupi m'mitsempha ya mapikowo mpaka atatambasuka ndi kuuma.

Kumene kulibe mandimu kuli kesha. Mitengo ya kesha ya maluwa achikasu imene yadzaza m'misewu ndi m'mabwalo a sukulu za m'Lilongwe ndi chakudya cha mbozi za agulugufe oyera ndi achikasu aja amene timawaona ataunjikana pamatope mvula ikakata, akuyamwa mchere wa m'dothi. Malawi ali ndi mitundu ya agulugufe yoposa 400, ndipo anthu amachokera kutali kukaiona ku Nyika ndi ku Mulanje. Koma mwana wa Sitandade 1 safuna mitundu 400. Amafuna mbozi imodzi imene angaitche yake.

Tinakhoza mayeso osaona dzira

Tiulule. Ife tinaphunzira kusekondale ya mishoni yokhala ndi labotale ndi mabuku okwanira. Tinajambula kusintha kwa tizilombo kambirimbiri, tinadziwa kusiyanitsa tizilombo todutsa magawo anayi, monga gulugufe ndi udzudzu, ndi todutsa magawo atatu, monga dzombe ndi mphemvu. Pa MSCE tinakhoza bwino Biology. Koma dzira la gulugufe tinaliona koyamba ndi maso athu chaka chino, tili ndi zaka 20, pamtengo wa mandimu umene mayi athu anaubzala tisanabadwe. Zaka zonsezi linali pamenepo, mita zitatu kuchokera pa chingwe choyanika zovala. Tikukayika ngati tili tokha m'kalasi mwathu.

Mbiri ya phunziro lenilenili imatichititsa manyazi. Zaka za m'ma 1600, anthu ambiri ophunzira ku Ulaya ankakhulupirira kuti tizilombo timangobadwa tokha kuchokera m'matope ndi m'zowola. Mmodzi mwa amene anathandiza kuthetsa maganizo amenewa anali Maria Sibylla Merian, wobadwira ku Frankfurt m'chaka cha 1647. Ali ndi zaka 13 anayamba kuweta mbozi za silika kunyumba, kuzidyetsa ndi kujambula zonse zimene zinkachitika. Anapitiriza ndi mbozi za mitundu ina, ndipo m'chaka cha 1679 anatulutsa buku loonetsa mbozi iliyonse pamodzi ndi chomera chimene imadya ndi chimene imasanduka. M'chaka cha 1699, ali ndi zaka 52, anakwera sitima ndi mwana wake wamkazi kupita ku Suriname kukachita zomwezo, ndipo zojambula zake za kumeneko zinatuluka m'chaka cha 1705. Mayiyu sanapite kuyunivesite. Zida zake zinali mabokosi, masamba atsopano tsiku ndi tsiku, ndi kuleza mtima. Akuluakulu athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mtsikana wa zaka 13 anatha ndi zida zimenezi, tikusowa chiyani ife?

Sukulu ya m'chigubu

Ku maphunziro athu timamva kawirikawiri za TALULAR, mfundo yoti mphunzitsi aphunzitse pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Nthawi zambiri timaimva ngati kupanga mawerengero a zitsekerero za mabotolo. Koma palibe chopezeka pamalo choposa chamoyo chimene chili pamtengo wa pasukulu.

Tengani chigubu choonekera m'kati cha malita asanu, chotsuka bwino, mudule kumwamba. Pansi yalani pepala. Ikanimo nthambi ya mandimu yokhala ndi mbozi ziwiri kapena zitatu, tsinde lake mulikulunge ndi kansanza konyowa kuti masamba asafote msanga. Imikani kamtengo kouma koti mbozi idzadzimangirirepo, ndipo pasiyidwe malo okwanira kuti gulugufe adzatambasule mapiko. Kumwamba vindikirani ndi kansalu kopyapyala, mumange ndi mphira. Apa pali msampha umene ambiri angagweremo: musagwiritse ntchito chidutswa cha neti ya udzudzu. Maneti amene timalandira kuchipatala ali ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo mbozi zanu zidzafa musanadziwe chachitika. Chimodzimodzinso masamba a mtengo wopoperedwa mankhwala. Chigubu chikhale pamthunzi, patali ndi nyerere. Masamba asinthidwe tsiku lililonse, a mtundu womwewo, chifukwa mbozi ya mandimu singadye kesha ngakhale itafa ndi njala.

Mphindi khumi m'mawa uliwonse n'zokwanira. Ana awiri amasintha masamba ndi kutaya zitosi. Wina amayeza mbozi ndi kamtengo ka machesi: lero yafika theka, sabata yamawa yapitirira. Wina amaika chizindikiro pa kalendala yolembedwa pakatoni. Onse amajambula chimene aona, osati chimene chili pa tchati. Lachisanu mwana mmodzi wodalirika amatenga chigubu kunyumba, ndipo Lolemba amafotokozera anzake zimene zachitika. Taonani zimene zalowa m'mphindi khumizi: kuwerenga masiku, kuyeza, kujambula, kulankhula pagulu, kusamalira chamoyo, ndi kulosera. Mphunzitsi akafunsa kuti mukuganiza kuti mawa tipeza chiyani, ndipo mawa lake ana n'kupeza kuti analosera molakwa, amaphunzira chinthu chimene ambiri a ife tinachiphunzira mochedwa: kulakwa si mlandu, ndi njira yodziwira.

Nthawi yake ndi teremu yachiwiri, kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene mitengo ili ndi nsonga zanthete ndipo kutentha kumafulumizitsa zonse.

Tiwauze m'chinenero chanji?

Tamvapo ana a sukulu za mkaka akuimba mokweza kuti egg, larva, pupa, adult, makolo n'kumasangalala kuti mwana akudziwa Chingerezi. Mufunseni mwana yemweyo kuti larva n'chiyani, adzakulozerani pa tchati. Muonetseni mbozi pa kabichi, sadziwa kuti ndi yomweyo. Sitikudana ndi Chingerezi. Anawa adzachifuna pa mayeso ndi pa moyo. Koma dzina lachilendo limamera bwino pa chinthu chimene mwana wachigwira kale m'chinenero chake. Ayambe wadziwa mbozi, waiona ikufundula, wakangana ndi anzake za iyo m'Chichewa. Mawu a Chingerezi adzabwera pambuyo ngati chilembo chomata pa katundu amene alipo kale.

Ndipo Chichewa sichosauka pankhaniyi. Agogo athu sanena kuti mbozi basi. Amasiyanitsa mphalabungu, matondo, kapuchi, ntchemberezandonda. Amadziwa mtengo umene iliyonse imadya ndi mwezi umene imagwa. Mawu amodzi okha ndi amene mphunzitsi ayenera kusamala nawo, mawu oti chikwa. Chikwa chenicheni ndi kanyumba kolukidwa ndi ulusi, nthawi zina komatidwa ndi timitengo, ndipo amaluka ndi ena mwa agulugufe a usiku. Gulugufe wa pamandimu saluka kanyumba. Chimene timaona chikulendewera ndi thupi lake lenileni, limene latsala pamene khungu lomaliza la mbozi lavulidwa. Tingapitirize kunena kuti chikwa poti ndi mawu amene ana amawadziwa, koma tisawauze kuti mbozi yalowa m'nyumba kukagona. Sinalowe, ndipo siikugona. Ana amene anaiona ikuvula khungu sadzalola kunamizidwa.

Nkhaniyi imafika ku nkhokwe

Wina angafunse: m'dziko limene ana ambiri akufika Sitandade 4 asanathe kuwerenga bwino, tikutayiranji nthawi ndi agulugufe? Yankho lili m'munda wa chimanga.

M'chaka cha 2016 mbozi yachilendo yochokera ku America inapezeka koyamba mu Africa, ndipo pasanapite nthawi inafika kuno. Mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi. Mpaka lero alimi akulimbana nayo, ngakhale amene amalima timinda ta m'mbali mwa Lingadzi ndi m'mapuloti osamangidwa a m'tauni muno. Mbozi imeneyi ndi mwana wa gulugufe wa usiku wotuwa, amene amaikira mazira ambirimbiri pamodzi patsamba la chimanga. Timbozi tikangoswa timakhala poyera, tikupala masamba. Tikakula timalowa m'kati mwa nsonga ya chimanga momwe mankhwala safika bwino. Tikakhuta timatsikira pansi n'kusanduka zikwa m'dothi, ndipo nyengo yotentha mzere wonsewu umatha pafupifupi mwezi umodzi, n'kuyambiranso.

Mlimi amene amadziwa magawo anayiwa amayendera munda chimanga chikadali chaching'ono, amatembenuza masamba, amatswanya mazira, amalimbana ndi mbozi zikadali zazing'ono. Amadziwanso kuti mbozi zikasowa mwadzidzidzi sizinathe, zili m'dothi. Mlimi amene sadziwa amadikira mpaka masamba atabooka, n'kugula mankhwala odula pamene nthawi yapita kale. Kusiyana kwa alimi awiriwa ndi mivi inayi ija ya pa tchati, koma yomvetsedwa, osati yolowezedwa. Ambiri mwa ana amene tidzawaphunzitse adzagwira khasu, kaya ngati ntchito kaya ngati chothandizira malipiro.

Mbali inayo ndi ndiwo. Matondo ndi mphalabungu zimene timagula zouma mumsika ndi ana a agulugufe akuluakulu a usiku. Anthu ozungulira nkhalango ya Kasungu National Park akhala akutola matondo kwa zaka zambiri, ndipo kwa mabanja ena ndi chakudya komanso ndalama pa nthawi imene nkhokwe zapepuka. Mbozi zimenezi zimadya masamba a mitengo yachilengedwe, ndipo zikakhwima zimatsikira m'nthaka kukadikira chaka chamawa. Wodula mtengo kuti atole mosavuta, kapena wotola zonse osasiyako zolowa pansi, wadya mbewu. Mwana amene anadikira chikwa masabata awiri safunika kumuuza zimenezi kawiri.

Choncho phunziroli silikuti mbozi zonse n'zabwino. Likuti tidziwe chimene tikuchiyang'ana: iyi idzatha chimanga, iyi ndi ndiwo, iyi idzasanduka gulugufe wonyamula mungu wa maluwa.

Zimene anzathu anatitsutsa nazo

Titakambirana maganizowa ndi anzathu kuhositelo, anatipanikiza ndi mafunso abwino, ndipo sitiwabisa.

Loyamba ndi kuchuluka kwa ana. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, si zachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 1 m'sukulu za boma za m'tauni. Chigubu chimodzi pakati pa ana oterowo ndi chipwirikiti. N'zoona. Koma zigubu zakale sizisowa, ndipo mbozi sizigulidwa. Magulu khumi, zigubu khumi, gulu lililonse ndi dzina lake. Komanso tifanizire ndi njira inayo: n'chiyani chovuta, kusunga zigubu khumi pakona ya kalasi, kapena kukweza ana 100 m'maminibasi?

Lachiwiri ndi silabasi. Mphunzitsi ali ndi mitu yoti amalize, ndipo akuluakulu akabwera kudzayendera amafuna kuona mapulani, osati mbozi. Apa sitinganene kuti palibe mtengo wolipira. Mphindi khumi pa tsiku kwa masabata asanu ndi maola anayi ndi pang'ono. Koma maola amenewa sanabedwe kwa Chichewa kapena masamu, chifukwa ana akuwerenga, akufotokoza, akulemba zilembo zoyamba za mawu amene ali ndi chidwi nawo. Mwana amene akufuna kulemba kuti mbozi yanga yafundula amalimbana ndi zilembo mwakhama kuposa amene akukopera chiganizo cha pabolodi.

Lachitatu ndi ngozi. Mbozi zina zimayabwa koopsa, ndipo kholo likaona mwana watupa dzanja silifunsa za TALULAR. Lamulo likhale lomveka kuyambira tsiku loyamba: mbozi yaubweya kapena yaminga sitiigwira, timaitana aphunzitsi, timanyamula tsamba, osati mbozi, tikatha timasamba m'manja. Mwana wophunzitsidwa kusiyanitsa amakhala wotetezeka kuposa amene anangouzidwa kuti zonse n'zoopsa.

Lachinayi ndi limene linatikhudza kwambiri: nanga zikafa? Zina zidzafadi. Nthawi zina m'malo mwa gulugufe mudzatuluka kamavu kapena ntchentche, chifukwa mbozi inabayidwa mazira ikadali pamtengo. Ana adzalira. Koma kodi tiwabisire? Tizilombo timeneti ndi tomwe timathandiza kuti mbozi zisathe minda yonse, ndipo mlimi wanzeru amatitenga ngati abwenzi. Chimene tiyenera kupewa ndi nkhanza ndi kusasamala: tisatole zambiri, tisazisiye ndi njala, tisagwire mapiko chifukwa kaufa kamene kamatsalira m'zala ndi timamba ta gulugufe timene sitimeranso, ndipo tsiku lomwe wauma mapiko timutulutse panja, pafupi ndi mtengo umene tinamutenga.

Tsono ulendo uja?

Upitidwe, kwa amene angathe, ndipo masukulu ndi makalabu a zachilengedwe, monga amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likulimbikitsa, ayesetse kuti ana a m'madera osauka nawonso afikeko. Koma upitidwe chigubu chitatha. Ana amene alera mbozi salowa m'nkhalango ngati alendo ofuna mkango. Amatembenuza masamba. Amaona tsamba lodyedwa n'kufunsa kuti wadya ndani. Amafunsa wowatsogolera chifukwa chake kuno kuli agulugufe amitundu yambiri kuposa kusukulu, ndipo yankho lake, loti mtundu uliwonse uli ndi chomera chake ndipo nkhalango ili ndi zomera zambiri, ndi chiyambi cha kumvetsa chifukwa chimene mzinda uyenera kusiyira mitengo ya m'mbali mwa Lingadzi osaidula.

Kwa inu anzathu amene mukupita kukayeserera kuphunzitsa posachedwapa, pempho lathu ndi laling'ono. Musanalembe pulani ya phunziroli, lerani mbozi imodzi nokha. Ikani chigubu pawindo la kuhositelo. Tisakaime kutsogolo kwa ana kufotokoza chinthu chimene ifenso tinangochimva.

Ife tinayesa kukonza cholakwa chathu. Tisanabwerere kuno kukoleji tinasiya pasukulu ya mkaka ija chigubu cha mbozi zitatu za pamtengo wa mayi athu. Aphunzitsi a kumeneko akhala akutiuza pafoni mmene zikuyendera. Imodzi inafa ikadali yaing'ono, ndipo ana anaikwirira pansi pa mpanda. Yachiwiri inatuluka usiku, moti m'mawa ana anapeza gulugufe atalendewera pa kamtengo, chikwa chili chong'ambika pambali pake. Kalasi yonse inakuwa. Kamtsikana kaja kokha kanayang'anitsitsa kansalu kovindikira, kanagwedeza mphira, n'kufunsa aphunzitsi ngati si iwo amene amulowetsa usiku.

Chikwa chachitatu chikadalipo. Akuti kamtsikanako kapempha kuti Lachisanu likubwerali chigubu chikagone kwawo, pafupi ndi mphasa yake, kuti pasapezeke wochigwira.